Timachubu Todziwika ndi Kachubu Kachilendo

Pa kapepala kochokera ku labotale pakalembedwa kuti mapuloteni a m'magazi a wodwala ndi magalamu 70 pa lita, dokotala amagwedeza mutu n'kupitiriza ntchito. Wodwala naye akauzidwa amaganiza kuti kuseri kwa chitseko chija alipo wina amene wawaona mapuloteniwo, kapena makina amene awawerenga limodzilimodzi. Palibe amene wawaona. Makina aja sadziwa n'komwe kuti padziko pali chinthu chotchedwa puloteni. Amadziwa zinthu ziwiri zokha: kuwala kumene kwalowa m'kabotolo, ndi kumene kwatulukira mbali inayo. Ulendo wonse wochoka pa kuwalako kukafika pa 70 uja ndi ntchito ya munthu ndi mzere umene wajambula. Mzere umenewu ndakhala ndikuuphunzitsa kwa achinyamata okonzekera ntchito ya mu labotale, ndipo m'mene zaka zikupita ndikuulemekeza kwambiri kuposa makina amene amaudyetsa manambala.

Makinawo amatchedwa spectrophotometer. Dzina ndi lalitali koma m'mimba mwake mulibe zambiri. Muli nyale, ndipo kuwala kwa nyaleyo kumamwazidwa kuti kuonetse mitundu yonse ya mu utawaleza. Woyeza amasankhapo mtundu umodzi wokha potchula nambala yake: 540 ndi wobiriwira, 595 ndi wachikasu chopita ku olenji, 280 ndi kuwala kumene maso athu saona konse. Manambalawa ndi utali wa mafunde a kuwala m'muyeso wotchedwa nanomita. Kuwala kosankhidwako kumabaya kabotolo ka makona anayi kotchedwa cuvette, kamene kuchoka khoma lina kufika linzake ndi sentimita imodzi, n'kukagwera pa diso lamagetsi limene limanena kuchuluka kwa kumene kwapulumuka. Makina otere anayamba kufala pamene kampani ya Arnold Beckman ku California inatulutsa ake otchedwa DU mu 1941. A masiku ano ndi ang'onoang'ono, ena amalumikizidwa ku kompyuta, koma funso limene amayankha ndi lomwe lija.

Lamulo limene lagona pansi pa zonsezi amalidziwa kale aliyense amene anaphikapo tiyi. Masamba akachuluka tiyi amada mpaka pansi pa kapu posaonekanso. Tiyi yemweyo ukamutsanulira m'mbale yophwatalala kuti azizire amaoneka ngati wasukuluka, chonsecho palibe wathiramo madzi. Kungoti kuwala kwayenda mtunda waufupi. Zinthu ndi ziwiri basi, kuchuluka kwa chimene chasungunuka ndi kutalika kwa njira. Za njira anazilemba Pierre Bouguer wa ku France mu 1729, Johann Heinrich Lambert n'kudzaziika m'masamu mu 1760. Za kuchuluka kwa chosungunuka anadzawonjezera August Beer wa ku Germany mu 1852. Popeza kabotolo kathu ndi ka sentimita imodzi nthawi zonse, njira tayitseka, sisinthanso. Chatsala n'kuchuluka, ndipo n'kumene tikufuna.

Nambala imene makina amaonetsa imatchedwa absorbance, ndipo ili ndi mayendedwe akeake. Ikakhala 0, kuwala konse kwadutsa. Ikafika 0.3, theka lamezedwa. Pa 1, mwa magawo 10 a kuwala latuluka limodzi lokha. Pa 2, limodzi mwa 100. Pa 3, limodzi mwa 1,000. Anaikonza dala motere kuti chosungunuka chikawirikiza kawiri nambala nayo iwirikize kawiri, ndipo ukazijambula papepala pazituluka mzere woongoka. Koma taganizirani zimene diso lija likukumana nazo nambala ikamakwera. Pa 2 lili kale mu mdima, likuyesa kusiyanitsa kuwala kochepa ndi kochepetsetsa, ndipo kuwala kulikonse kosochera kumene kwazembera pambali kumalinamiza. N'chifukwa chake anthu a ntchitoyi amadalira kwambiri manambala a pakati pa 0.1 ndi 1, ndipo opitirira apo amayamba awakayikira.

Vuto n'lakuti mapuloteni ambiri alibe mtundu. Magazi akaundana n'kuzunguzidwa m'makina, pamwamba pamatsala madzi achikasu otchedwa seramu. Mapuloteni amene tikufuna ali m'menemo, koma chikasucho si chawo. Tiyenera kuwaveka mtundu ife. Njira yakale, imene zipatala zikugwiritsabe ntchito mpaka lero, ndi ya biuret. Mankhwala ake ndi mchere wa mkuwa wosungunulidwa m'madzi a soda wamphamvu, ndipo m'botolo amaoneka a buluu. Puloteni ndi unyolo wautali wa timagawo totchedwa amino acid. Pamene kagawo kagwirana ndi kanzake pali mfundo, ndipo mkuwa umakakamira pa mfundo zimenezi. Ukakakamira, buluu uja amasanduka pepo. Mfundo zikachuluka, pepoyo amakhwima. Kusintha kumeneku ndakuonerera kambirimbiri ndipo sindinatope nako. Madzi amene amaoneka ngati mulibe kanthu amayamba kuulula pang'onopang'ono zimene anabisa, ndipo ophunzira amene amasokosa amatsitsa mawu okha popanda wowaletsa. Pamafunika kudikira mphindi pafupifupi 30 kuti mtundu ukhazikike. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wofulumira kuwerenga amatola nambala yosapsa.

Tsono tathira madzi a wodwala m'kabotolo, makina anena kuti 0.42. Kodi 0.42 ndi mapuloteni ochuluka bwanji? Makina sangayankhe. Buku nalo silingayankhe, chifukwa nambalayo yadalira mphamvu ya mankhwala a m'botolo lathu, kutentha kwa chipinda chathu, ukalamba wa nyale yathu ndi dzanja la amene anathira. Njira yodziwira ndi imodzi: kuimika pambali pa kachubu kachilendoka timachubu tina timene tikudziwa za m'kati mwake chifukwa tinaikamo tokha, n'kutichitira zonse zimene tachitira kachilendoko, nthawi yomweyo, ndi mankhwala omwewo. Mu labotale timachubu timeneti timangoti ma standard.

Chimene timaikamo kawirikawiri ndi albumin wa m'magazi a ng'ombe, amene pabotolo amalembedwa kuti BSA. Amabwera ngati ufa wopepuka, kapena wosungunula kale m'timabotolo tagalasi tomata. Mbiri yake ndi ya kunkhondo. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, Edwin Cohn ndi anzake ku Harvard anapeza njira yolekanitsira mapuloteni a m'magazi ndi ethanol wozizira kwambiri, pofunafuna chothira m'mitsempha ya asilikali otaya magazi. Albumin wa munthu anathandiza. Wa ng'ombe anayesedwa, matupi a anthu anamukana. Koma popeza anali wosakwera mtengo, wosungunuka msanga ndiponso wokhalitsa, malabotale anamutola kukhala muyeso wawo. Mpaka lero mabotolo ambiri amalembedwa kuti Fraction V, gawo lachisanu la njira ya Cohn ija.

Tiyerekeze kuti takonza timachubu 6. M'koyamba simuli puloteni. M'totsatira muli mamiligalamu 2 pa mililita, kenako 4, 6, 8 ndi 10. Tathira mankhwala ofanana, tadikira, tawerenga: 0.12, 0.24, 0.36, 0.48, 0.60. Patebulo lenileni manambala sagona mwaulemu chonchi, koma tiyeni tiwalole kuti nkhani imveke. Papepala la gilafu, kuchuluka kwa puloteni timakuika kumzere wogona, absorbance kumzere woima, n'kudontheza timadontho. Timadonthoto tikafola timagoneka rula n'kujambula mzere wodutsa pakati pake. Apa 0.42 uja wapeza pakamwa. Tiika chala pa 0.42 kumzere woima, tiyenda chopingasa mpaka kugunda mzere wathu, titsika pansi, tifikira pa 7. Wokonda masamu anena kuti miligalamu iliyonse ikuwonjezera 0.06, ndipo 0.42 kugawa ndi 0.06 ndi 7. Njira ndi ziwiri, kofika n'kumodzi.

Koma 7 sindiye yankho. Seramu ya munthu ndi yokhwima kwambiri moti tisanayambe tinaisukulutsa, gawo limodzi la seramu ndi magawo 9 a madzi amchere. Choncho 7 tichulukitsa ndi 10 n'kupeza mamiligalamu 70 pa mililita, omwe ndi magalamu 70 pa lita. Munthu wamkulu wathanzi amakhala pakati pa 60 ndi 80. Kachubuko kakadati 0.27 tikadafikira pa 4.5, kutanthauza 45, ndipo dokotala akadayamba kufunsa za chiwindi, za impso ndi za chakudya cha pakhomo. Diso la munthu likaona timachubu tiwiriti likhoza kungoti tonse ndi ta pepo. Kuchulukitsa ndi 10 kuja ndiko kumene ophunzira amaiwala kawirikawiri, ndipo kumandichititsa mantha pa chifukwa chinanso: cholakwika chilichonse cha poyamba, ngakhale kadontho kotsalira kunsonga ya kachubu kotungira kotchedwa pipeti, nacho chimachulukitsidwa ndi 10.

Kachubu koyamba kaja, kopanda puloteni, timakatcha blank. Achinyamata amakaona ngati kongotayitsa mankhwala: tiyezerenji chinthu chimene tikudziwa kuti mulibe kanthu? Koma muli kanthu. Muli buluu wa mankhwala amene naye amameza kuwala pang'ono, muli madzi, muli makoma a kabotolo ndi mikwingwirima yake. Zonsezi zilinso m'kachubu kalikonse, ndipo tikapanda kuuza makina kuti apa ndiye poyambira, apa uziti 0, adzaziwerengera ngati puloteni. Ubwino wake blank ikalakwika imadziulula, chifukwa mzere umaphonya pa 0. Wodekha akaona zimenezo amabwerera m'mbuyo. Wothamanga amapotoza rula kuti mzere udutse pa 0 mokakamiza, ndipo amene amavulala kwambiri ndi manambala ang'onoang'ono a kumunsi.

Cholakwika chimene chimandisowetsa tulo ndi china, chosadziulula. Timachubu tonse todziwika timatungidwa m'botolo limodzi limene tinasungunuliramo ufa wa albumin uja. Ufawo umakoka chinyezi, ndipo m'nyengo ya dzinja botolo likasiyidwa losatseka bwino, munthu amayeza galamu imodzi pasikelo osadziwa kuti gawo lina la galamuyo ndi madzi. Tinene kuti pabotolo talemba 10 pamene m'kati muli 9. Timachubu tonse tichepekedwa mofanana. Timadontho tifola mokongola, mzere udutsa pa 0, kompyuta iyamikira kuti zonse zili bwino. Koma wodwala aliyense wa tsiku limenelo awonjezeredwa mapuloteni amene alibe, ndipo wa 54 alembedwa 60, kuchoka m'gulu la oyenera kufufuzidwa kulowa m'gulu la athanzi. Kuongoka kwa mzere kumangotiuza kuti dzanja linathira mosamala. Sikutiuza kuti botolo loyambira linali loona. N'chifukwa chake labotale yabwino imasunga seramu ina yochokera kwina, imene nambala yake inatsimikizidwa ndi anthu ena, n'kuiyeza pamodzi ndi za odwala. Timaitcha control. Ikapereka nambala yosiyana ndi yolembedwa, zotsatira za tsikulo sizituluka pakhomo.

"Aphunzitsi," anandifunsa mtsikana wina atagwira botolo la mankhwala m'manja, "mzere wa anzathu a dzulo uli pakhomapa, ndipo ndi wabwino. Bwanji tingowerengera pomwepo? Mankhwalatu atsala pang'ono."

Funso lake sindinalipeputse. M'malabotale athu ambiri mankhwala akatha amatenga miyezi kuti abwerenso, ndipo iye amaganiza monga munthu amene adzayang'anire labotale mawa. Ndinati, "Achemwali, dzulo kunali mitambo, lero kwatentha. Nyale iyi dzulo inayaka kuchokera m'mawa, lero magetsi angobwera kumene. Ndipo dzanja limene linathira dzulo si lanuli. Mzere uwo unanena zoona za dzulo." Kenako ndinamuuzanso mbali inayo, chifukwa ilipo. Mankhwala a biuret ndi okhazikika, ndipo zipatala zimatha kudalira mzere umodzi kwa masiku angapo malinga botolo ndi lomwelo ndipo control ikuvomereza m'mawa uliwonse. Chosaloledwa n'kusiya zonse ziwiri, mzere watsopano ndi control yomwe, n'kumangokhulupirira.

Chiyeso china chinabwera ndi kompyuta. Ukalemba manambala mu Excel, imakujambulira mzere n'kukupatsa kanambala kotchedwa R², kosonyeza mmene timadontho tafolera; kakayandikira 1 ndiye kuti tafola bwino. Ophunzira amakakonda kanambala kameneka kuposa yankho lenileni. Kadontho kamodzi kakaima pambali n'kutsitsa 0.999 kufika 0.97, chala chimathamangira kukafufuta. Ine ndimakana, ndipo pamenepa sindipita m'mbali. Pa timadontho tonse, kopandukako ndiko kali ndi uthenga. Mwina m'kabotolo munali thovu, mwina chala chinasiya mafuta pagalasi, mwina pipeti yayamba kudontha ndipo idzanamizanso pa kachubu ka wodwala. Kadontho kotere timakabwereza, ndipo m'buku timalemba manambala onse awiri ndi chifukwa chake. Ndimafunanso kuti wophunzira aliyense ayambe wajambula ndi pensulo papepala asanakhudze kompyuta. Amene wagonekapo rula pakati pa timadontho tosamvana, n'kuona yekha kuti ikhoza kugona chonchi kapena chonchi, amadziwa m'manja mwake kuti yankho lili ndi malire, ndipo sadzalemba 70.384 ngati kuti manambala atatu omalizawo anawaona.

Nanga kachubu kachilendo kakati 1.30, pamene kadontho kathu komaliza kali pa 0.60? Rula ndi yaitali, pepala lilipo, ndipo mtima umati ingopitiriza mzere. Koma kupyola kadontho komaliza sitinayezeko kanthu. Mkuwa wa m'kachubu uli ndi polekezera; mfundo zikachuluka kuuposa, mtundu suwonjezekanso mofanana, ndipo mzere weniweni umayamba kuwerama. Wopitiriza ndi rula amapeza nambala yochepa kuposa yoona, pa wodwala amene mapuloteni ake akwera modabwitsa, amene ndiye amafunika kuti dokotala adziwe msanga. Mankhwala a vutoli ndi otopetsa koma ndi amodzi: sukulutsanso seramu, thira mankhwala, dikira mphindi zina 30, kuti nambala igwere pakati pa timadontho todziwika.

Kumunsi nako kuli malire. Munthu akamaganiziridwa matenda oumitsa khosi amamutenga madzi a kumsana, ndipo china mwa zoyezedwa ndi mapuloteni. Mwa munthu wabwinobwino amakhala pakati pa magalamu 0.15 ndi 0.45 pa lita, kuchepa koposa ka 100 poyerekeza ndi a m'magazi. Pa mzere wathu uja, madzi otere angapereke nambala ya cha m'ma 0.02, imene singasiyanitsidwe ndi chidindo cha chala pagalasi. Pamafunika mankhwala ena akumva msanga ndi mzere wina wa timachubu tosukuluka kwambiri.

Kufunafuna njira zakumva msanga ndiko kunabala mayina amene aliyense wa ntchitoyi amawadziwa. Mu 1951 Oliver Lowry ndi anzake atatu ku Washington University mumzinda wa St. Louis anawonjezera mankhwala a Folin pa mkuwa uja, ndipo mapuloteni ochepa kwambiri anayamba kuoneka. Mu 1976 Marion Bradford ku University of Georgia anaonetsa kuti utoto wotchedwa Coomassie Brilliant Blue G-250 ukagwira puloteni umasintha m'mphindi zochepa kuchoka kofiirira kukhala buluu wowala, wowerengedwa pa 595. Mu 1985 Paul Smith ndi anzake anabweretsa njira ya BCA yowerengedwa pa 562. Magazini ya Nature itawerengera mu 2014 nkhani za sayansi zimene ofufuza azitchula kwambiri m'mbiri yonse, ya Lowry inali pamwamba, itatchulidwa koposa ka 300,000, ndipo ya Bradford inali yachitatu. Zimenezi zimandikhudza. Pamwamba pa mndandanda sipanakhale nkhani ya nyenyezi kapena ya mankhwala ochiza nthenda yoopsa, koma malangizo a kathiridwe ka madzi m'timachubu, chifukwa wofufuza aliyense asananene chachikulu ayenera kuyamba wayankha kuti ndi zochuluka bwanji.

Kumva msanga kuli ndi mtengo wake. Utoto wa Bradford sugwira mfundo zonse mofanana. Umakonda timagawo tina, makamaka arginine, ndipo mapuloteni amasiyana kuchuluka kwa timagawo timeneti. Albumin wa ng'ombe amapereka buluu wokhwima kuposa gamma globulin wolemera chimodzimodzi. Ngakhale njira yosathira mankhwala konse, yongowalitsa pa 280, imadalira timagawo tiwiri, tryptophan ndi tyrosine: miligalamu imodzi pa mililita ya albumin wa ng'ombe imapereka pafupifupi 0.66, pamene ya gamma globulin wotchedwa IgG imapereka pafupifupi 1.4. Kulemera n'kumodzi, manambala asiyana koposa kawiri. Choncho tikamalemba kuti m'kachubu muli mamiligalamu akutiakuti, chimene tapeza kwenikweni n'chakuti kachubuka kada monga mmene albumin wa ng'ombe wochuluka chonchi akadadera. Yankho lathu ndi lobwereka kwa ng'ombe, ndipo wolemba moona amatchula m'buku kuti anabwereka kwa yani. Apa m'pamene biuret, ngakhale ndi yogontha pa zochepa, imaposa zinzake: imawerenga mfundo, zimene puloteni aliyense ali nazo, ndiye siikondera kwenikweni. Zipatala sizinaisunge chifukwa cha chizolowezi chabe.

Ngakhale nambala itakhala yoona, ikhoza kubisa nkhani. Mapuloteni a m'seramu ali m'magulu awiri akuluakulu: albumin, amene amapangidwa m'chiwindi ndipo amakhala pakati pa magalamu 35 ndi 50 pa lita, ndi ma globulin, mmene muli asilikali olimbana ndi matenda. Munthu akadwala nthawi yaitali, monga ndi HIV kapena TB, ma globulin amakwera pamene albumin akutsika, ndipo ukaphatikiza ukhoza kupezabe 70. M'mawodi athu odwala otere si achilendo. N'chifukwa chake albumin amayezedwanso payekha ndi utoto wina, bromocresol green, umene uli ndi timachubu take todziwika ndi mzere wakewake, ndipo dokotala wosamala amayang'ana manambala awiriwo pamodzi. Mwana wotupikana mapazi, munthu amene impso zake zikutaya mapuloteni mu mkodzo, wina amene chiwindi chake chauma, onsewa nkhani yawo ili mu albumin.

Palinso zimene makina sangazisiyanitse koma diso likhoza. Magazi otengedwa mokakamiza, kapena oyenda mtunda wautali pa njinga yamoto kunja kukutentha, amafika maselo ofiira ataphulika ndipo seramu ili yofiira. Kufiirako kumameza kuwala kwa cha pa 540 pomwe ife tikuwerengapo. Seramu ya mafuta ambiri imakhala yambuu n'kumwaza kuwala, makina n'kuganiza kuti kwamezedwa. Sopo wotsalira m'kachubu kosatsukuluza bwino amasokoneza utoto wa Bradford. Ndimawauza ophunzira kuti kachubu kalikonse aziyamba akanyamula n'kukayang'ana pawindo asanakapereke kwa makina.

Kuyeza chinthu kudzera mwa chinzake kumatsegulanso khomo kwa wachinyengo. Mapuloteni a m'zakudya kawirikawiri sayezedwa ndi kuwala ayi, koma ndi njira ya Johan Kjeldahl, amene anaitulukira mu 1883 ku labotale ya Carlsberg ku Copenhagen. Iyo imayeza nayitirojeni n'kuchulukitsa ndi 6.25, poganiza kuti magawo pafupifupi 16 mwa 100 a puloteni ndi nayitirojeni. Mu 2008 ku China kunaululika kuti anthu ena amathira madzi mu mkaka n'kuwonjezeramo melamine, mankhwala opangira pulasitiki amene magawo awiri mwa atatu a kulemera kwake ndi nayitirojeni. Muyeso unanena kuti mapuloteni ndi okwanira. Makanda pafupifupi 300,000 anadwala, ambiri ndi miyala m'impso, ndipo osachepera 6 anamwalira. Njira ya Kjeldahl inayankha molondola funso limene inafunsidwa, la nayitirojeni; anthu ndiwo anali ataiwala kuti funso lawo linali la mkaka.

Lero m'zipatala zikuluzikulu muli makina amene amachita zonse okha. Umaikamo timachubu ta odwala, iwo amatunga, amathira, amadikira, n'kusindikiza manambala. Pepala la gilafu palibe, ndipo wachinyamata akhoza kugwira ntchito chaka chonse osauona mzere. Koma ulipo, wabisika m'kati, ndipo unajambulidwa ndi timabotolo todziwika timene wina anayenera kugula, kusunga m'furiji ndi kutaya tsiku lake likapyola. Chimandipweteka n'chakuti ndalama zikachepa, timabotolo timeneti ndi ta control ndi timene timayamba kuchotsedwa pa mndandanda wa zogula, poti sititulutsa zotsatira za wodwala aliyense. Makina amapitiriza kusindikiza manambala ooneka bwino, ndipo dokotala alibe njira yodziwira kuti ayamba kusochera. Amene akukonza bajeti ya labotale ndikadakonda atakhalapo tsiku limodzi patebulo n'kujambula mzerewu ndi dzanja lawo.

Ambiri mwa ophunzira anga sadzapita ku makina amenewo. Adzatumizidwa ku zipatala zing'onozing'ono zakumudzi, kumene mzere wathu umapezeka utasindikizidwa pa chibotolo cha timapepala toyezera mkodzo. Kusikelo ya amayi oyembekezera, namwino amaviika kapepala mu mkodzo, kabokosi kachikasu kakunsonga n'kuyamba kubiriwira ngati muli albumin, ndipo amakayerekeza ndi timabokosi ta mitundu ta pabotolo. Kamtanda kamodzi ndi magalamu pafupifupi 0.3 pa lita, tiwiri ndi 1, titatu ndi 3. Timabokosi timeneto ndi timachubu todziwika timene fakitale inakonza, ndipo diso la namwino ndilo makina. Malamulo ndi omwe aja. Botolo likakhala pawindo, dzuwa limasukulutsa mitundu yoyerekezera. Likasiyidwa chitsegulire, chinyezi chimawononga timapepala. Kapepala kakawerengedwa mochedwa, kupyola mphindi imodzi imene opanga ambiri amalamula, mtundu umakhala utasuntha. Choncho ndimawapempha kuti akafika kumeneko aziona tsiku lolembedwa pabotolo, azitseka chivundikiro akangotulutsa kapepala, aziwerengera poyera wotchi ili pamkono. Ndipo mayi amene mimba yake yapyola masabata 20, magazi ake akuthamanga kufika 140 pa 90, kapepala n'kuonetsa mtanda, asamuuze kuti adzabwere mwezi wamawa; aonedwe ndi dokotala kapena atumizidwe ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo.